Mwala Wanu Sunafike Loweruka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Adada munawapeza? Ngati akadali ndi khalidwe lawo lija loyankha funso mawa lake, apirireni monga munkachitira kuno. Ndine Tamala wanu, ndikulemba ndili pa benchi ya kushopu kwanga pa Chintheche, magetsi atazima. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Ntcheu, chomwe munakana kuchisiya zaka zonse munakhala pakati pa Atonga, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndikufuna muimve bwinobwino. Musangoyankha kuti "yewu, yewu" ngati mmene munkachitira ankhazi, mlongo wa adada, akamakukalipirani m'Chitonga inu musakumva theka lake.

Ndiyambe ndi chomwe mukuchidziwa kale. Loweruka lapitali munatidikira ku Usisya ndipo sitinafike. Mwala wa pamanda panu uli pano, wotsamira khoma la shopu, ndaufunditsa chitenje kuti fumbi lisalowe m'zilembo. Amene analepheretsa ulendowo ndine. Mwana wanu woyamba, achimwene a Gibisoni, sakundilankhula, lero ndi tsiku lachinayi. Ndifotokoza zonse, koma poyamba ndikupatseni za pakhomo, mungati ndakulemberani madandaulo okhaokha.

Mpongozi wanu, akazi a achimwene, anachira bwinobwino masabata awiri apitawo. Mwanayo ndi wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu, Elube. Mphuno ndi yanu, mawunso ndi anu: akayamba kulira mpaka agalu a kwa aneba amasamuka. Chinangwa cha kumtunda chachita bwino, tavika kale kawiri. Dimba la kunyanja lija madzi analilanda, nthochi zanu zaima m'madzi mpaka m'chiuno ndipo zikufa imodziimodzi. Usipa wasowa chifukwa mwera wavuta chaka chino, asodzi akungokhala pamchenga kusoka maukonde osang'ambika. Nkhuku zanu chitopa chinapita nazo, kwatsala kathadzi kaja kamene munkati n'kopanda nzeru. Wezi wanga ali mu Sitandade 4, wagulula mano awiri akutsogolo, ndipo akuseka chotseka pakamwa ngati mkwatibwi.

Tsopano za kalole. Achimwene anabwerako ku Joni kotheratu, akuti msana watopa ndi kugwirira ntchito eni ake. Thukuta la zaka zonsezo analiika pa kalole kakang'ono ka ku Japan, taja timabwera pa sitima n'kudzera ku Dar. Atakaona anati n'kakafupi, sikangadyetse banja. Wina anawalozera galaja ina kutauni komwe amatalikitsa magalimoto. Amadula tchesisi pakati, msana wachitsulo uja umanyamula galimoto yonse, n'kulumikizapo chidutswa china, kenako amamanga bodi yaitali ndi mabenchi. Kanafika kuno masabata atatu apitawo kakunyezimira penti wabuluu, hutala ali pakamwa kuyambira pa Bandawe. Pamwamba pa galasi lakutsogolo analembapo MAMA ELUBE. Achimwene anatsika akulira, Amayi, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, akuti akanakonda inu mukanakwerako ngakhale kamodzi.

Inu mukudziwa chomwe achimwene ali kwa ine. Ndi amene anandipititsa kusukulu ya zowotcherera pamene anthu ankaseka kuti mkazi ndi moto wa zitsulo n'zosayenderana. Makina ndikudyera lerowa anachita kuwanyamula pa basi kuchokera ku Joni, akuwafungatira pamiyendo ngati mwana. Ine pakamwa panga mumapadziwa, munkati pamafika kumsika ine ndisanamange chitenje. Koma pamaso pa achimwene pamazizira.

Banja linagwirizana kuti Loweruka kalole kanyamule zonse: mwala, matumba a simenti, mpanda wachitsulo umene ndinawotcherera ndekha, ufa, mbuzi, ndi amayi a kutchalitchi kwanu oposa makumi awiri. Msewu mukuudziwa. Kukhotera pa Mpamba, kukwera ku Chikwina, kenako chitsetso chija cha ku Usisya, chomwe tsiku lokuperekezani ena tinatsika n'kuyenda wapansi chifukwa mitima inakana.

Lachinayi achimwene anabweretsa kalole kushopu kuti ndiike zogwirira m'mbali mwa mabenchi. Ndinagona chagada n'kulowa kunsi. Munkati ine maso anga ali m'zala, sindikhulupirira chinthu ndisanachigwire, ndiye ndinagwira. Polumikiza tchesisi panali posalala ngati mbale. Amayi, powotcherera penipeni sipasalala, pamakhala timizere togundana ngati mamba a chambo. Ndipo munthu wodziwa ntchito akalumikiza chitsulo chonyamula katundu, amaphimbapo chigamba cha chitsulo china chokhuthala, mbali zonse ziwiri. Apa chigamba panalibe. Panali kamzere kowonda ngati tsitsi kodutsa pa penti, ndipo m'kamzeremo munkatuluka dzimbiri.

Ndinatenga maginito anga a mu sipika yakale, amene ndimatolera misomali pansi. Kutsogolo kwa polumikizapo anakakamira kuti nga. Kumbuyo kwake chimodzimodzi. Nditawaika pakati penipeni anagwa n'kundimenya pachifuwa. Maginito sakana chitsulo. Pamenepo panali fila, phala lija timamata pa bodi ya galimoto yophwanyika kuti penti akhale bwino, ndipo anamata mokhuthala.

Ndinawaitana achimwene kuti aone. Anawerama pang'ono chabe, kuopa kudetsa buluku. Anati, "Eshi, sisi, anthu aja amapanga mabasi. Iwe umapanga mawindo ndi mbaula." Ndinati, "Achimwene, chitsulo n'chimodzi, cha basi ndi cha mbaula. Apa sanawotcherere, angomata." Anaseka n'kumenya bodi ndi chikhatho. "Masabata atatu ndikuyenda nako, Kande, Tukombo, Nkhata Bay, kodzaza thothotho. Kathyoka? Kali shapu aka. Ika zogwirira zako basi." Ndinaika zogwirirazo, misozi ya mkwiyo ikundisokoneza m'galasi lowotcherera.

Lachisanu masana tinapakira katundu pompano, popeza mwala ndi mpanda zinali kwa ine. Tisanapakire ndinaika dzanja pampata wa pakati pa bodi ndi mutu wa galimoto, m'mwamba. Munalowa zala zinayi. Titamaliza kupakira munalowa ziwiri. Msana unali ukupindika, anthu asanakwere ndi mmodzi yemwe.

Ndinathamangira kwa ankhazi a Nyalongwe, mlamu wanu uja, popeza ndi amene akuyendetsa za mwalawu m'malo mwa mlongo wawo. Ndinawapeza akupeta mpunga wa ulendo. Ndinagwada monga munandiphunzitsira, ndinayamba ndi moni, koma nditangotchula mawu akuti ngozi anaponya lichero pansi. "Ungakambanga viyo cha!" kutanthauza kuti ndisamalankhule choncho. Kenako anatembenukira ku Chichewa kuti ndisanamizire kusamva. Anati, "Mwana iwe, ulendo uli mawa, wa kumanda, iwe n'kumatchula zimenezo? Ukachitchula wachiitana. Chikachitika china m'phirimo, anthu adzafunsa kuti Tamala anadziwa bwanji. Uli ndi yankho?" Ndinati yankho ndili nalo, ndi maginito. Anati, "Maginito akowo sadzakuimira pabwalo. Kale anthu akunong'ona kuti mtima ukukupweteka chifukwa ntchito yotalikitsayo sanakupatse iwe. Tseka pakamwa, tipemphera tisananyamuke."

Ndinayesa zina. Ndinati katundu apite yekha, amayi atsatire ulendo wachiwiri. Anati abusa a ku Usisya atipatsa tsiku limodzi. Ndinati amayi akwere boti. Anandilozera nyanja, yoyera mafunde mpaka kutsidya. Achimwene atamva kuti ndapita kwa ankhazi anandiimbira foni, mawu ali pansipansi, amene amandiopsa kuposa kukuwa. Anati, "Galimoto ili ndi dzina la amama, inyamula mwala wa amama. Ngati ukuopa, khala."

Ndinachita mantha, Amayi, ndisakunamizeni, ndipo mantha ake anali awiri okokana. Ndikakhala chete, amayi makumi awiri aja ali pamwamba pa phala. Ndikalimbikira, ndine wansanje, ndipo tayala lokha likaphulika panjira ndine mfiti. Dzina limenelo mukudziwa mmene limamatirira kuno. Ndani angapereke chitseko cha nyumba yake kwa mfiti kuti iwotcherere? Komanso kunali kamtima kena konong'ona kuti mwina kunsi kwa filayo anawotchereradi, amangofuna kusalaza. Ndinali ndisanaone mkati. Ndinangoona maginito akugwa.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pashopu. Amayi a kutchalitchi aja anabwera atavala zoyera ndi zakuda, akuimba nyimbo yanu ija munkaiimba Chitonga chake chopotoka osachita manyazi. Achimwene anavala suti yotuwa ya ku Joni. Abusa a kuno anapemphera, anapempherera woyendetsa, matayala ndi mabuleki. Za tchesisi Mulungu sanauzidwe. Amayi anayamba kukwera, ndipo ine ndinaima pakhomo la shopu ndikumva kalole kakulira kuti tsii, tsii, mayi aliyense akaponda.

Ndinali nditaganiza kuti Wezi atsala ndi ine. Koma ankhazi anali atamutuma kale kuti ndi amene adzaike maluwa pamwala wa agogo ake. Ndinangoona amunyamula m'khwapa n'kumukhazika pa benchi yakutsogolo, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa galimoto, maluwa ali pamiyendo. Pamenepo ndi pamwamba pa polumikizira. Anandibayibitsa, ataiwala kutseka pakamwa pake pa mano ogululawo.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza. Magetsi analipo, zomwe Loweruka sizichitikachitika. Ndinakoka chingwe, ndinatenga gilayinda, makina aja opalira zitsulo, ndinakankhira chitsa cha muwanga chija ndimasulirapo zitsulo kunsi kwa tchesisi, n'kulowa chagada ndi diresi langa la kutchalitchi. Achimwene anali ataliza kale injini. Wina anakuwa kuti, "Pali munthu pasi! Ada, zimitsani!" Injini inazima. Ndinaona nsapato za achimwene zikubwera, zosongoka, zopukutidwa bwino. Anati, "Tamala, tuluka." Ndinati, "Tsitsani anthu, achimwene." Anati, "Ndati tuluka, usandichititse manyazi pamaso pa mpingo." Ndinayatsa gilayinda.

Phokoso lake linagwira ntchito imene pakamwa panga panalephera. Amayi anatsika mothamanga, ena molumpha, nyimbo inathera pakati. Ndinamva ankhazi akulira kuti mwana wa mlongo wawo wapenga. Ndinatsamiritsa chigongono pa tayala. Ndinadziwa kuti ngati pansi pa pentiyo patuluke chitsulo chabwino, kwanga kwatha, ndilibenso achimwene, ndilibenso shopu.

Gilayinda ikakhudza chitsulo imalavula moto, ngakhale mwana amadziwa. Amayi, sipanatuluke moto. Panatuluka ufa. Ufa woyera unandithira kumaso, m'tsitsi, m'kamwa, n'kumatuluka kunsi kwa galimoto ngati tili kuchigayo. Anthu amene anayamba kundikoka miyendo anandisiya. Ndinapala, ndinapala, kuya kwa chala chathunthu, ndipo moto unayamba kuoneka pamapeto penipeni, pang'onopang'ono, mwa apo ndi apo.

Ndinazimitsa gilayinda. Ndinapukuta ndi m'mphepete mwa diresi. Zitsulo ziwirizo sizinakumane n'komwe, anazidula mokhota ndipo pakati panatsala mpata. Mumpatamo anatsindiramo tizidutswa ta chitsulo cha konkire, chija amamangira nyumba, ndi zotsalira za marodi owotcherera, kenako anadonthezapo timadontho ngati zitosi za nkhuku. Pa timadontho tisanu ndi kamodzi, tinayi tinali titathetheka kale, ndipo tinali ndi dzimbiri, kusonyeza kuti sitinathetheke dzulo.

Ndinangosendera kumbali. Achimwene anagwada ndi suti yawo ija m'fumbi, kenako anagona n'kulowa. Anapisa chala mumpatamo, chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. Kachidutswa kamodzi kanagwera pachipumi pawo. Anakhala pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana m'mwamba. Kenako anati, "Mbali inayo." Ndinapala mbali inayo. Kumeneko kunatsala kadontho kamodzi kokha.

Musaganize kuti anthu anandinyamula m'mwamba. Mayi wina wa ku Kande anandikumbatira akulira, ufa wanga unamudetsa bulauzi. Ena anangotola zikwama zawo n'kumapita osandiyang'ana. Ankhazi anati ngakhale zili choncho, zikanatheka kuchitika mwaulemu, osati pamaso pa abusa ndi alendo, ndipo ku Usisya anthu aphika kale, mbuzi yawo apha kale, tiwauza chiyani? Anachita kukaimba foni okha kuseri kwa shopu, ndinawamva akupepesa m'Chitonga chozama chimene ngakhale ine chinandidutsa. Mpaka lero akandiona amangopereka moni wa "wawuka" basi, osadikira yankho.

Tinatsitsa katundu tili awiri ndi achimwene, mothandizidwa ndi abambo angapo. Masana anthu onse atabalalika, anakhala pansi potsamira tayala, jekete ali pamaondo. Ndinawabweretsera madzi, anamwa. Ndinayamba kuwafotokozera kuti kalole sikanafe, ndikhoza kuchotsa chidutswa chowonjezeracho, kubwezera msana mmene unabwerera ku Japan, n'kuika zigamba zenizeni. Kadzakhala kakafupi koma kadzayenda. Ankagwedeza mutu ngati akuvomera. Ndinaona ngati zatha, tagwirizana, ndipo mtima unayamba kutsika.

Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Sisi, kamzere kaja unakaona liti?"

Ndinafuna kunena kuti Lachinayi. Ndi mmenenso ndakulemberani pamwambapa, ngati kuti ndinayamba kuona tsiku limenelo, chifukwa ngakhale kwa inu manyazi anandigwira dzanja. Koma achimwene anali ndi ufa uja m'ndevu, ndipo bodza linakana kutuluka. Ndinawauza zoona. Ndinakaona tsiku lomwe kalole kanafika. Anthu akuvina kuzungulira galimoto, ine ndinasuzumira kunsi monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndinaona kuti palibe chigamba, ndinaona kusalala kuja, ndinadziwa. Nditadzuka ndinapeza achimwene akulira ndi chimwemwe pansi pa dzina lanu, ndiye ndinaomba nawo m'manja.

Kenako anayamba kuwerenga, mawu ali pansipansi. Amayi a nsomba a ku Tukombo, m'mawa uliwonse. Ana a sukulu amene anawapititsa ku mpira, oimirira, odzaza mpaka kumbuyo. Anati, "Mlamu wako ndinakamutenga kuchipatala pa galimoto imeneyi. Elube ali ndi masiku awiri. Iwe unatibayibitsa pamsewu apa." Ndinati ndinkaopa kuwakhumudwitsa. Anati, "Lachinayi ndinakunyoza, ndalakwa, ndine chitsiru. Koma lero sunaope suti yanga, sunaope ankhazi, sunaope abusa. Chasintha n'chiyani lero?" Anayang'ana kukhonde kumene Wezi ankasewera ndi maluwa aja. Anati, "Wako atakwera."

Anadzuka, anasasa buluku, anapita wapansi. Kalole anakasiya pomwepo, kali panjapa pamwamba pa chitsa, ndipo anthu odutsa amawerama kusuzumira.

Ndiye musamve za anthu kuti achimwene akwiya chifukwa ndinawayalutsa. Pa chimenecho anatuma mkazi wawo kudzathokoza, anabwera ndi Elube kumsana ndi mbale ya ufa wa kondowole. Chimene akundikwiyira ndi masabata atatu aja, ndipo akulondola. Ndafufuza mumtima mwanga mawu odziteteza, sindinawapeze. Ana a eni ake aja anali ndi amayi awo owadikira, monga ine, ndipo ine ndinkawotcherera mawindo anga n'kumamva kalole kakudutsa.

Mwala wanu ubwera, Amayi. Mwera ukangogona tiukweza boti, mvula isanayambe, ndipo mpanda ndidzaumanga ndi manja anga. Ngati achimwene adzakhale kutsogolo kwa boti ine kumbuyo osalankhulana, mudzatilandire choncho, ndife anu tonse.

Lonjezo langa lenileni ndi ili. Ku Tukombo kuli bambo wina amene lole yake anaitalikitsa ku galaja yomweyo, ndi amene anawalozera achimwene njira. Imanyamula anthu tsiku lililonse la msika. Sindikumudziwa bwino, mulibe m'bale wanga aliyense amene amakwera, ndipo ndikudziwa dzina limene andipatse ndikakafika pakhomo pake ndi nkhani yotere. Ndikwera minibasi yoyamba mawa.

Mupereke moni kwa adada. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ndine mwana wanu,
Tamala